Kukapereka Galimoto ya Tadala ku Albany

Galimoto ya Tadala inakhala chaka chathunthu pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yathu ku Mirrabooka, mumzinda wa Perth, osailiza ngakhale kamodzi. Tadala anali mkazi wanga. Ankagwira unamwino ku chipatala chachikulu cha ku Nedlands, ndipo anamwalira mliri utangoyamba, ngakhale kuti si mliriwo umene unamutenga. Mtsempha unaphulika m'mutu akuvala kuti azipita ku ntchito. Ndege zinali zitasiya kuuluka, choncho tinamuika konkuno, anthu ochepa, titaima motalikirana, abale ake akuonera pa foni ku Mitundu.

Kwawo kwa Tadala, monganso kwathu, katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka eni mbumba atakhala pansi, kugawa, ndi kumumasula wamasiyeyo. Ine ndine mkamwini chabe. Zovala zake ndinazitsekera m'masutikesi, ndipo zovala sizidya kanthu. Galimoto imadya ngakhale itaima. Msonkho wa pamsewu, umene kuno timangoti rejo, unkabwerabe. Inshuwalansi inkadulidwabe ku banki. Ukasiya kulipira rejo amafuna ukabweze manambala a galimoto, ndipo kumasula manambalawo ndinkaona kuti ndi kukhudza komweko. Galimoto yanga yakale sindikanatha kuisiya chifukwa ntchito yanga ya ku msika waukulu wa zamasamba ku Canning Vale imayamba mabasi asanayambe kuyenda. Lendi imene tinkalipira awiri ndinali kulipira ndekha. Ndinaphunzira zowerengera ndalama ku koleji, kotero ndinkaona bwinobwino kumene zinthu zinali kupita.

Chaka chitatha ndinaimbira a Mbewe, amalume ake a Tadala, mbale wake yekhayo m'dziko muno. Amakhala ku Albany, kum'mwera kwenikweni, ndipo amagwira ntchito kophera nyama. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti mphamvu zandithera, ndipo ndikupempha kuti alandire galimotoyo kapena andilole ndiigulitse, ndalama zipite kumudzi. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati nkhani yotere siyokambirana osaona chinthucho, ndipo poti iwo ntchito siinkawalola kuchoka, ndipite nayo ndine.

Unali mwezi wa Julaye. Kwathu chisanu chimabwera kuli kouma, koma kuno chimabwera ndi mvula ndi mphepo, ndipo misewu imaterera. Ndinaitana makaniko wina woyendera m'makomo. Titatsegula chitseko tinalandiridwa ndi fungo la chuku. Batire inali itafa. Matayala anali ataphwa, m'mbali muli ming'alu. Mawaipa anali atauma gwa, ndipo masamba anali atadzaza m'ngalande ya pansi pa galasi lakutsogolo. Makanikoyo anapopa petulo wakale n'kumutaya, anasintha oyilo, anaika batire yatsopano, anaona mabuleki ndi nyali. Pa matayala anati awiri akutsogolo akhoza kukwanira ngati ndikufuna kungoigulitsa. Ndinagula onse anayi. Sindikanatha kukaima pamaso pa akuchikazi ndi galimoto ya mwana wawo ili pa matayala osweka. Akanati ngati chitsulo anachilekerera chonchi, nanga munthu uja ankamusunga bwanji.

Tsiku limene ndinaiyendetsa kupita kokaika matayala ndinayenera kukankhira mpando kumbuyo. Tadala anali wamfupi. Ndinakhala kanthawi dzanja lili pa kachitsulo ka pansi pa mpando, kenako ndinakankha.

Sabata imene ndinayenera kunyamuka, anatitsekera m'nyumba masiku angapo chifukwa mumzinda munapezeka odwala. Atatitsegulira ndinapempha tchuthi cha masiku awiri ku ntchito, chosalipidwa.

Za ulendowu zinamveka ku tchalitchi, ndipo madzulo ake anandiimbira Amake Dalitso, mayi wa ku Zambia amene amasamalira okalamba. Anali atapeza ntchito ku Albany. Anati basi ndi yodula, ndipo si chilungamo kuti ine ndiyende ndi mipando yopanda anthu. Ndinkafuna kuyenda ndekha, koma mayi wamkulu sumukaniza. M'mawa mwake ndinawapeza pa geti pawo ndi masutikesi awiri, thumba la ufa, ndi tinsomba touma ta kapenta timene anagula m'mashopu a ku Mirrabooka poopa kuti kum'mwerako kulibe. Anapemphera tisanachoke, pemphero lalitali lotchula tayala lililonse.

Mvula inatipeza tikukwera chitunda cha ku Armadale. Galasi lakutsogolo linayamba kuchita nthunzi, ndipo nditatsegula hita sipanatuluke mpweya, koma kaphokoso ndi fungo la masamba owola. Pokonza zonse zija dzuwa linkawala, ndipo hita palibe anaiganizira.

"Ba Lonjezo, iyi motoka ili na hita olo mwatikweza mu filiji?" anafunsa Amake Dalitso.

Ndinatsitsa mawindo pang'ono kuti nthunzi ichepe, mvula n'kumalowa. Iwo anamasula chitenje chimene anafunda m'miyendo n'kuyamba kupukuta galasi, mbali yawo kenako mbali yanga, mkono wawo ukudutsa pamaso panga. Tinayenda choncho nkhalango yonse. Malole aatali onyamula mitengo akatidutsa ankatithira madzi moti kwa kanthawi sindinkaona kalikonse, ndipo iwo ankangoti Yesu, motsitsa mawu, osasiya kupukuta. Matayala atsopano aja anagwira msewu bwino. Zala zanga zinachita dzanzi pa chiwongolero.

Tinaima pa malo ena odyera m'mbali mwa msewu ku Bannister kuti tipeze kotentha. Pakhomo panali pojambulitsa foni kusonyeza kuti wafika, botolo la mankhwala opaka m'manja, ndi chikwangwani chokumbutsa ochokera ku Perth kuti avale masiki. Mayi wogulitsa anatifunsa kumene tachokera, ndipo titamuuza anakankhira makapu a tiyi kumapeto kwa tebulo n'kubwerera m'mbuyo. Amake Dalitso anati ku ntchito kwawo amawayeza pafupipafupi kuposa nkhuku za pa famu, koma ndisamuuze mayiyo, mantha amamuthandiza kukhala maso. Tinamwera tiyi m'galimoto. Anatulutsa mazira owiritsa ndi mchere wokulunga m'pepala, ndipo sanandifunse ngati ndikufuna, anangosenda n'kundipatsa.

Ku Williams ndinawonjezera petulo. Mtengo wake unali wokwera kuposa mumzinda, ndipo ndinadziimba mlandu kuti sindinadzazitse dzulo lake. Amake Dalitso anatulutsa ndalama, ndinakana, anaumirira, ndinakananso, ndipo anaibweza m'chikwama mofulumira ndithu.

Titadutsa Arthur River mvula inachepa. Kunali minda yobiriwira ndi nkhosa zokhazokha. Ndipamene ndinaona kuti kamuvi ka kutentha kwa injini kakwera. Ndisanapeze poima pabwino, nthunzi inayamba kufuka kutsogolo. Ndinapatukira pa miyala ya m'mbali n'kuzimitsa. Nditatsegula boneti ndinapeza paipi ya madzi a injini itang'ambika m'litali, madzi obiriwira akutsikira pansi. Labala anali atafumbwa ndi kukhala. Kunja inkaoneka yabwino.

Foni sinkagwira pamene tinaimapo. Ndinayenda wapansi kukwera kamtunda mpaka inagwira, ndipo ndinaimba nambala ya kampani yothandiza galimoto zofera pamsewu imene inali pa kapepala komata pa galasi. Anayankha mtsikana wa mawu okoma. Nditamupatsa nambala ya galimoto anati umembala uli m'dzina la Tadala, ndipo anapempha kuti alankhule ndi mwini wakeyo. Ndinamuuza kuti anamwalira. Anapepesa kawiri. Kenako anati umembalawo unatha kalekale chifukwa khadi limene unkadulidwako linatsekedwa, koma ndikhoza kulowa mwatsopano pompo ngati ndingalipire ndalama yowonjezera ya anthu olowa galimoto itawafera kale pamsewu. Ndinamuwerengera manambala a khadi langa nditaima pamphepo, nkhosa zikundiyang'ana. Anati lole yokoka ichokera ku Kojonup, koma ili kaye ndi ntchito ina.

Tinadikira nthawi yaitali. Mvula inkabwera n'kumapita. Mkati munazizira kuposa kunja, ndipo Amake Dalitso anatsegula sutikesi n'kutulutsa majuzi awiri, ina n'kundiponyera, yofiirira ya maluwa pachifuwa. Ndinavala. Mlimi wina anaima ndi galimoto yake ya agalu kumbuyo, anafunsa ali patali ngati tili bwino, anafunsanso ngati tachokera ku Perth, n'kutisiyira botolo la madzi pamwamba pa mtengo wa mpanda. Amake Dalitso anafuna kupita kuthengo koma ankaopa njoka. Ndinawauza kuti nyengo yozizira njoka zimagona. Anati njoka za dziko lino sanapangane nazo, ndipo anapita atanyamula chitsulo chomasulira matayala.

Atabwerako anandifunsa chimene ndinkapitira ku Albany kwenikweni, poti ku tchalitchi anangomva kuti ndikukaona achibale. Ndinawafotokozera mwachidule. Anaseka, osati mwachipongwe.

"Ine pamene banafa bamuna banga ku Lusaka, babululu, abale bao, banatenga motoka maliro akalibe kuchoka pa nyumba. Banatenga na masupuni. Ise tinavutika kubisa, imwe muvutika kupeleka."

Anati iwo akanakhala ine akanaigulitsa mwezi woyamba, n'kuuza akumudzi kuti boma la kuno linalanda, poti akumudzi amakhulupirira chilichonse chokhudza boma la azungu. Ndinati Tadala sakanakondwa nazo. Anandiyang'ana n'kunena kuti Tadala ankamudziwa, ankaimba naye kwaya, ndipo anali mtsikana wosakonda kuwononga ndalama. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwayayo, koma atafika pakati anasiya okha n'kuyamba kudandaula za mawondo.

Lole inafika dzuwa litapendeka. Dalaivala wake, bambo wonenepa wa kabudula ngakhale kunali chisanu chotero, anakweza galimoto msangamsanga, kenako anati malamulo a nthawi ya mliri amamulola kunyamula munthu mmodzi yekha kutsogolo. Winayo adikire takisi, ngati ingapezeke. Amake Dalitso anamufunsa m'Chingerezi ngati mayi ake ali moyo, ndipo ngati angawasiye pa msewu ndi nkhosa. Bamboyo anati ndiye atsale mwamunayu. Iwo anati uyu ndi mwana wawo, ndipo akudwala chifuwa cha chisoni, chosapatsirana. Anatikweza tonse, masiki kumaso, mawindo otsegula, ine pakati nditavala juzi ya maluwa. M'kagalasi ndinkaona galimoto ya Tadala ikugwedezeka pamwamba kumbuyo kwathu, matayala ake atsopano atamangidwa ndi malamba.

Ku Kojonup tinapeza galaja ili pafupi kutsekedwa. Mwini wake anati paipi yotero alibe, ayitanitsa ku Albany, ifika m'mawa ndi galimoto ya katundu. Tinagona pa motelo ya pafupi, zipinda ziwiri, ndipo ndinalipira zonse ndine. Amake Dalitso anagula chakudya. Ndinatumiza uthenga ku ntchito wopempha tsiku lachitatu.

M'mawa udzu unali woyera ndi chisanu. Tinakhala pa benchi kunja kwa galaja, manja m'thumba, tikuyang'ana galimoto iliyonse yochokera kum'mwera. Ya katundu ija inachedwa chifukwa inayamba yazungulira matauni ena. Amake Dalitso anaimbira ku ntchito yawo yatsopano kupepesa, mawu awo atasintha kukhala a munthu wofatsa kwambiri, ndipo atadula anandiuza kuti ndikawachotsetsa ntchito asanaiyambe ndidzawasunga ine. Paipi itaikidwa, mwini galaja anandiuza kuti mapaipi enawo ndi a msinkhu womwewo, ndipo hita yafa chifukwa makoswe anamanga chisa m'kati mwake. Akanatha kukonza zonse ndikanamupatsa tsiku lina. Ndinamuuza kuti galimotoyo ndikukaisiya lero lomwe, zotsalazo adzaona mwini wake watsopano. Ndinalipira, ndipo sindinayang'ane zimene zinatsala pa khadi.

Kuchoka pamenepo sitinaimenso. Ndinkayendetsa pang'onopang'ono, diso limodzi pa kamuvi kaja. Ku Mount Barker mvula inayambiranso ndipo chitenje chinabwerera pa galasi. Tinalowa mu Albany masana, mphepo ikukankha galimoto m'mbali. Ndinawatsitsa Amake Dalitso pa nyumba imene anawakonzera a kuntchito kwawo. Nditatsitsa masutikesi ndi ufa anandigwira mkono.

"Mukabauze zoona, ba Lonjezo. Osati vaulemu chabe. Mukabauze kuti mwasila, mphamvu zatha."

A Mbewe amachita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya munthu wina. Ndinawapeza atangoweruka, akadali ndi nsapato za kuntchito. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi tiyi, anafunsa za ulendo, ndipo ndinawauza kuti tinayenda bwino kupatula kuchedwa pang'ono. Kenako tinatuluka. Anaizungulira galimotoyo manja ali kumbuyo, anasuzumira mkati, anagunda tayala ndi nsonga ya nsapato. Ndinagwada n'kupereka makiyi ndi manja awiri. Sanawalandire. Anati iwo ndi wamng'ono m'banjamo, ndipo mawu omaliza ndi a alongo awo, amayi ake a Tadala. Kumudzi kunali kukadali m'mawa, anati tiimbe pompo.

Anayankha ndi mng'ono wake wa Tadala, ndipo tinamva akuyenda kukawapatsa foni amayiwo. Apongozi anga sindinawayang'anepo m'maso chikwatirireni mwana wawo, ndipo pa vidiyo sindinayambe tsiku limenelo. Ndinanjuta pambali pa chitseko cha galimoto, pa simenti yonyowa, maso pansi. A Mbewe anagwira foni n'kulankhula. Analankhula bwino kuposa mmene ndikanalankhulira ine. Anati chaka chatha, mkamwini wasunga mwambo, sanakhudze kanthu ngakhale kuno kulibe womuona. Anafotokoza kuti kuno galimoto imalipiridwa ngakhale isakuyenda, ndipo mnyamatayu watsala yekha pa lendi. Anapempha kuti alole igulitsidwe, ndalama zitumizidwe, ndipo mkamwini amasulidwe ngakhale ndi mawu okha, zotsalazo zidzachitike malire akadzatsegulidwa.

Kumbuyo kwawo kunkamveka tambala. Kenako amayiwo anati galimotoyo sanaionepo, amangoimva. A Mbewe anatembenuza foni n'kuyenda nayo mozungulira, kutsogolo, m'mbali, kumbuyo. Amayiwo anafunsa ngati matayalawo ndi omwe anasiya mwana wawo, ndipo a Mbewe anati ayi, ndi atsopano, agula ndi akamwiniwa.

"Tailizani ndiimve," anatero amayiwo.

Ndinalowa n'kuiliza. Inalira kamodzi kokha, mosalala. A Mbewe anayandikitsa foni pa boneti, ndipo tonse tinamvetsera injini.

"Ikulira bwino. Mwaisamala, apongozi. Ine ndimaopa kuti mwina inawola." Anapuma. "Tadala anandiuza kuti ndikadzabwera kumeneko adzandinyamula pa bwalo la ndege ndi imeneyi. Manda ake sindinawaone. Isungeni chonchi. Ndege zikadzayamba ndidzabwera, mudzanditengere kumandako pa galimoto yakeyo, ndikalire. Tikadzachoka kumeneko ndidzakumasulani ndi pakamwa panga."

A Mbewe anayesa kunena kuti zimenezo zikhoza kutenga zaka. Amayiwo anati iwo sakuthamangira kulikonse. Kenako anandifunsa ine mwachindunji ngati ndamva.

Ndinati ndamva, amayi.

Foni itadulidwa ndinazimitsa injini. A Mbewe anakhala pa sitepe ya pakhomo n'kuvula nsapato imodzi. Anati alongo awowo alibe pasipoti, sanafikepo ngakhale ku Blantyre, ndipo miyendo inayamba kutupa chaka chatha moti ku tchalitchi amapita pa njinga ya kabaza. Anati kwawo kuno kulibe poimika, mwini nyumba salola. Anayang'ana kumsewu, kenako anatsitsa mawu ngati kuti kumudzi angamve. Anati pa ngodya pali munthu wogula galimoto zakale, ndipo ndikafuna tipite limodzi m'mawa. Iwo sadzauza munthu. Akadzafunsa kumudzi, tizidzati ilipo.

Ndinawathokoza chifukwa cha mtima wawo. Kenako ndinawafunsa kumene petulo ndi wotchipa m'tauni muno, poti galimotoyo ndibwerera nayo, ndipo anandilozera njira.